Nsungwi ya m'mgolo

Mukafika cha ku Nazombe n'kufunsa za a Wyson Kaliati, anthu ayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti, "aja ankagona ndi nsungwi m'nyumba," ngakhale mayi amene ali kalikiliki kupeta nandolo aika lichero pansi n'kukulozerani njira. Dzina la ubatizo limaiwalika, la chipongwe ndiye limakakamira ngati chisoso pa chitenje. Ndipo lichero limene mayiyo waika pansilo, mwina analuka ndi a Wyson omwewo.

Kwawo kwenikweni sikunali ku Nazombe. Anabadwira m'munsi mwa phiri, cha ku Nkhulambe, m'kamudzi ka Alomwe omwe makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi. Kuseri kwa nyumba ya mayi awo, a Eveles, kunali tsinde la nsungwi lalikulu moti nkhuku ikalowamo ndi anapiye, mphamba ankangozungulira n'kubwerera. Akuluakulu ankati chitsa chake chinabwera pamutu pa agogo, chokulunga m'masamba a nthochi. Zoona kapena zokometsera, palibe amene anatsala woti n'kumufunsa. Pa tsinde limenelo ndi pamene a Wyson anaphunzirira kung'amba ndi kupala nsungwi, kuluka malichero, madengu ndi miono yogwirira nsomba. Sukulu inawakana ali Sitandade 4, koma mpeni sunawakanepo.

Atakwatira a Felista anapita kuchikamwini monga amachitira amuna kuno. Anamanga nyumba pa malo a akazi awo, kulima munda wa akazi awo, kubereka ana omwe mbumba yake ndi ya akazi awo. Mwini mbumbayo anali a Makina, mchimwene wa a Felista, munthu wosapsa mtima msanga koma wosagwedezeka pa chimene wanena. Zaka zonsezo chikamwini sichinkawawawa a Wyson, chifukwa anali ndi kwawo. Chilimwe chilichonse ankapalasa njinga kupita ku Nkhulambe, mayi awo n'kuwaphikira nyemba za kalongonda, iwo n'kudula nsungwi, kumanga mtolo, kubwerera. Akaluka miono ankapita nayo ku Swang'oma, kugombe la nyanja ya Chilwa, asodzi n'kumalimbirana. Akayambana ndi a Felista, mawu awo anali omwewomwewo: "Ndibwerera kwathu ine." Sanabwererepo ngakhale kamodzi, koma kungowanena mawuwo mtima unkakhala pansi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Malichi wa 2023 mvula ya namondwe wa Freddy inagwa osapumira, ndipo napolo anatsika phiri ndi miyala, mitengo ndi matope. Madzi ataphwerako a Wyson anapita ku Nkhulambe wapansi, poti njinga inalibe podutsa. Pomwe panali mudzi anapezapo miyala ikuluikulu kuposa nyumba zomwe inaphwanya. Mlongo wawo Aliness anamupeza pa sukulu pomwe opulumuka anasonkhana, atavala chitenje cha eni. Mayi awo sanawapeze, amoyo kapena akufa. Anakumba ndi anzawo mpaka manja kuchita matuza, anatsata mtsinje, ananunkhiza mphepo monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Maliro a a Eveles anangokhala pemphero la abusa pa bwalo la sukulu, lophatikiza mayina ambiri.

Misozi sinatuluke. Chimene anatola ndi chitsa. Kumunsi kwa mtsinje, pomwe madzi anaunjika zinyalala, anaona muzu wa nsungwi waukulu ngati mutu wa mbuzi, wong'ambika mbali imodzi koma uli ndi diso limodzi lamoyo. Nsungwi zinalipo zambiri m'mbali mwa phirilo, ndiye wina akanafunsa kuti adziwa bwanji kuti ndi ya mayi awo. Amene anayesa kufunsa anaona nkhope yawo n'kumeza funsolo. A Wyson anavula malaya, kukulunga chitsacho, n'kuyenda nacho mpaka ku Nazombe chifuwa chili pamtunda.

M'mawa mwake anatenga khasu kupita kuseri kwa nyumba. Asanagwetse khasulo pansi, a Makina anatulukira.

"Alamu, pepani ndi zovutazi. Koma khasulo n'la chiyani?"

"Ndati ndibzale kachitsa aka, alamu. N'ka mayi."

"Ndamva. Komatu mukudziwa nokha. Chimanga bzalani, nandolo bzalani, chinangwa bzalani, zimenezo timakolola n'kuiwala. Nsungwi siichoka. Mawa inu ndi ine kulibe, abale anu adzabwera kuti pano pali nsungwi ya m'bale wathu, ndiye malowa ndi athu. Milandu yotere yadanitsa anthu ambiri."

"Abale anga ake ati, alamu? Watsala ndani?"

A Makina anayang'ana pansi, koma maganizo sanasinthe. "Mwambowu sindinauyambe ine."

Tisawanamizire a Makina, khomo anatseka koma zenera anasiya. Masana omwewo a Felista anawauza amuna awo poyera. "Bambo a Atikonda, ndipatseni ndibzale ine. Dothi ndi langa, achimwene sangakane." Njira inali imeneyo, yaifupi, yopanda minga. Koma a Wyson anawerengera kuti chobzala mkazi ndi cha mbumba ya mkazi. Ikadzakula idzakhala nsungwi ya kwa a Makina, ndipo adzukulu azidzadula osadziwa n'komwe kuti kunali munthu dzina lake Eveles. Nyumba si yawo, munda si wawo, ana si awo. Pa dziko lonse lapansi chawo chinali chitsa chimenechi basi.

"Ayi," anatero. "Ndidzakabzala kwathu tikadzabwerera."

A Felista anafuna kufunsa kuti kwanu kwake kuti, koma munthu amene wangotaya mayi ake samufunsa zotero.

Ndiye anatenga ndowa yakale, kuiboola pansi ndi msomali wamoto, kuyala timiyala, kuthira dothi la kudimba losakaniza ndi mchenga ndi manyowa a mbuzi owolerana. A Makina ataona anangoti, "Za mu ndowa ndi zanu, alamu." Ndowayo inakhala pakhonde mpaka diso lija linatulutsa mphukira yosongoka, ndipo tsiku lomwelo mbuzi ya a Makina inailuma nsonga. A Wyson anaithamangitsa mbuziyo mpaka kumanda, bambo wa imvi, akutukwana Chilomwe chomwe ana a masiku ano sachimva. Pobwerako ananyamula ndowa n'kuilowetsa m'nyumba, pansi pa zenera, pomwe a Felista ankaikapo mtsuko wa madzi akumwa.

Munthu amene anakhala moyo wake wonse akudula nsungwi anayamba tsopano kuphunzira kuilera, ndipo panalibe womuphunzitsa, poti kuno nsungwi imadzilera yokha. Anaphunzira kupisa chala m'dothi asanathirire. Masamba akapindika ngati ndudu, ndiye kuti ili ndi ludzu. Akachita chikasu kuyambira m'munsi, ndiye kuti madzi achuluka, mizu ikubanika. Ikapendekera kuzenera ankatembenuza ndowa kuti iwongoke. Ankawaza phulusa kuzungulira pansi kuopa chiswe, ndipo masamba ankawapukuta ndi kansanza konyowa kuchotsa fumbi. A Felista analetsedwa kukoleza moto m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji, ati utsi ukuitsamwitsa. Mayiwo anapirira, ngakhale ankanena pa mjigo kuti anthu ena mitala yawo imakhala ya munthu mnzawo.

Nsungwi inavomera. Mizu inang'amba ndowa, a Wyson n'kukasinthanitsa madengu ndi theka la mgolo kwa wowotcherera zitsulo wa pa Chiringa. Mumgolomo inatulutsa mitengo ingapo, yowonda ngati chala koma yobiriwira, ndipo chaka chisanathe nsonga zinagunda denga. Munthu wina akanadulira nsongazo. A Wyson anakwera padenga n'kusasula udzu, kuboola ndi pepala lapulasitiki lomwe, kuti nsungwi ione dzuwa. Mvula ikagwa a Felista ankakokera mphasa pakona kuthawa madzi odontha.

Mudzi sungaone zotere n'kukhala chete. Anthu anati munthu wabwinobwino sagona ndi mtengo, apa pali kukhwima. Ena anati amayankhula nayo. Izi zokha zinali zoona, chifukwa m'mawa uliwonse ankaipatsa moni wa Chilomwe, "Moseliwa," monga ankachitira kwa mayi awo. Amayi ena anasiya kugula malichero awo kuopa kupetera ufa mu zinthu za mankhwala. Asodzi a ku Swang'oma okha ndiwo anakondwa ndi mbiriyi, ati mono wa munthu wokhwima sugona ndi njala. Sankadziwa kuti nsungwi za miono imeneyo a Wyson ankachita kugula kwa eni, poti ya m'nyumba ija sanaidulepo ngakhale kanthambi kotokosera m'mano.

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Mvula inadula chimanga chili m'chiuno, minda inapsa, anthu n'kuyamba kudya makaka ndi mango owiritsa nthawi yake isanakwane. Pofika Okutobala mjigo unkatulutsa madzi ngati ukuchita kuumira. A Felista ankapita m'bandakucha n'kubwera dzuwa lili pamutu ndi ndowa imodzi, ndipo akangotembenuka ndowayo inkatsika. A Wyson ankaba madzi m'nyumba mwawo momwe, kapu imodzi imodzi. Anasiya kusamba thupi lonse kuti madzi awo osamba apite mumgolo. Anayamba kumwa pang'ono, milomo n'kuchita ming'alu.

"Bambo a Atikonda, mufuna tife tonse chifukwa cha mtengo?"

"Si mtengo."

"Nanga n'chiyani?"

Yankho lake linali loti munthu akalitulutsa pakamwa ndiye kuti wapengadi.

Koma vuto silinali madzi okha, ndipo a Wyson ankadziwa. Mizu inali itadya dothi lonse mumgolo. Akathira madzi ankangotsetsereka m'mbali n'kutulukira pansi, osalowa. Chala chomwe ankapisa chija tsopano chinkagunda mizu yolimba ngati thabwa. Masamba anayamba kupsa m'nsonga, kenaka kuthothoka, ndipo mitengo ija inayamba kuuma umodzi umodzi kuchokera kumwamba. Anayesa manyowa a nkhuku, anangoiwotcha. Anadula kanthambi n'kukazika m'chitini kuti mwina kamera pakhale ziwiri, kanawola. Anaganiza zogawa chitsa pakati, koma ataika chikwanje pamwamba pake anachichotsanso, poti chitsa chodwala ukachigawa umapha mbali zonse. Mantha anawagwira enieni, oposa a tsiku lomwe anaona miyala pa mudzi wawo. Tsiku lija zinthu zinali zitachitika kale, pomwe apa zinkachitika iwo akuona, m'manja mwawo.

Mkati mwa zimenezi Aliness anaimba foni kudzera kwa mwana wawo wamkulu, Atikonda. Anati watopa kudikira malo atsopano, wapita ku Milanje, ku Mozambiki, komwe abale a kuchikazi amupatsa malo. Anati kuphiri kuja sadzapondako, ngakhale atamulipira. Mlongo ndiye mudzi wa mwamuna. Mlongo akachoka, mwamuna amakhala alibe kobwerera.

A Wyson sanavomereze. M'mawa mwake anamanga khasu ndi chitsulo chokumbira pa njinga n'kupalasa kupita ku Nkhulambe, kuti akakumbe dzenje kaye, za kanyamulidwe ka mgolo adzaziona pambuyo. Anafika dzuwa likuswa mtengo. Pamalopo panali zii, popanda tambala, popanda utsi. Anazungulira kufuna pomwe panali nyumba ya mayi awo, koma mtengo wa mango womwe ankazindikirira kunalibe, njira ya kumtsinje kunalibe, mtsinje womwewo unasamuka. Anasankha malo mongoganizira n'kukumba. Pansi pa mchenga panali mwala. Anasuntha, mwala. Anasunthanso mpaka chitsulo chinapindika, ndipo paliponse phiri linali litagona pamwamba pa dothi la makolo awo. Ngakhale akanalipeza dothilo, akanathirira ndani, madzi ake ati? Akanaletsa ndani mbuzi ndi moto wolusa? Anakhala pa mwala n'kuitana mayi awo ndi dzina, zomwe sanachitepo ali moyo. Pobwerera njinga anachita kukankha, mphamvu yopalasa inali itatha.

Atalowa m'nyumba anapeza masamba ali mbwee pansi. Pa mitengo yonse ija, umodzi wokha ndiwo unali ukadali wobiriwira, nawonso cha m'munsi mokha. A Felista anali atakhala pamphasa akusenda chinangwa, ndipo sanafunse za ulendo, poti khasu ndi nkhope zinali zitanena kale. A Wyson anaima nthawi yaitali atagwira mkombero wa mgolo.

"Amayi a Atikonda," anatero. "Kaitaneni achimwene anu."

Atagwirizana zoti a Felista aibzale, anadikira mpaka mitambo itayamba kusonkhana kuphiri, kumapeto kwa Novembala, a Wyson akuisunga nsungwiyo ndi madontho a madzi. Tsiku lobzala a Makina anabwera ndi amuna a m'mudzi, ndipo amayi anabweranso osaitanidwa, kudzaonera mankhwala a mkamwini akutuluka m'nyumba. Ena ankaseka mobisa kukamwa ndi chitenje. Amunawo anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe paja a Wyson anaimitsidwa ndi khasu m'manja. Nsungwi inakana kutuluka mumgolo, mpaka anachita kung'amba chitsulocho ndi tchizulo ndi hamala. Chimene chinatuluka chinawachititsa anthu kusiya kuseka. Dothi munalibe. Munali mizu yokhayokha, yopotana, yozungulirazungulira kufuna potulukira, yaumbika ndendende ngati mgolo womwewo.

A Makina anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Alamu, nenani anthu amve, mawa pasadzakhale mlandu. Nsungwi iyi ndi ya ndani?"

A Wyson anati, "Ndi ya a Felista ndi ana awo."

"Abale anu ali ndi gawo?"

"Alibe."

"Inuyo?"

"Ndilibe."

Chitsacho chinali cholemera moti kuchiponya chikanasweka. Wina anabweretsa zingwe ziwiri, anazipisa pansi pake, amuna n'kuima awiri uku awiri uko. A Wyson, mwa chizolowezi cha manja, anawerama kutola khasu kuti asalaze pansi pa dzenje. A Makina anaponda mpini wake mofatsa. Manyazi anawagwira a Wyson pamaso pa mudzi wonse, osadziwa poika manja awo. Pamenepo a Felista analowa m'nyumba, kutenga mphasa, kuiyala pafupi ndi dzenjelo.

"Khalani apa, bambo a Atikonda," anatero. "Namfedwa sagwira khasu."

Anakhala. Ndipo atakhala pansipo m'pamene anaona zomwe anthu ena onse anali ataona kale: dzenje, mulu wa dothi lofiira pambali, amuna atagwira zingwe akutsitsa pang'onopang'ono, wina akuti gwirani bwino kumutuko. Amayi aja anakhala pansi okha popanda wowauza, miyendo atatambasula. Mayi wina wachikulire, yemwe anali patsogolo pa miseche ya kukhwima, anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, anzake n'kulandira. Misozi yomwe inakana pa bwalo la sukulu ku Nkhulambe inabwera yonse nthawi imodzi. A Wyson analira mokweza, kukamwa kuli yasa, akuitana amayi, amayi, ndipo palibe amene anawatonthoza, chifukwa kulira kumeneko kunali kutachedwa kale.

A Felista anagwada n'kuwongola mtengo wobiriwira uja ndi manja awo, kuti aliyense aone wobzala. Asanayambe kukwirira, a Makina anavula chipewa. Anayang'ana dzenje, kuyang'ana mlamu wawo, n'kukhosomola.

"Dothi la m'manja si khasu, alamu. Ponyani."

A Wyson anatapa dothi lodzaza dzanja limodzi n'kuponya. Lotsalalo anakwirira eni ake.

Anthu atabalalika analowa m'nyumba. Pansi pa zenera panatsala chizindikiro cha dzimbiri chozungulira, ndipo kudenga kunali chibowo choonetsa mitambo. A Felista anabwezera mtsuko wa madzi pamalo pake n'kunena kuti dengalo lifoleredwe mvula isanagwe. A Wyson anavomera ndi mutu.

Ngati nsungwiyo idzaphuka kapena inachedwa kutuluka mumgolo, tsiku limenelo panalibe akanadziwa. M'mawa mwake a Wyson anadzuka monga mwa nthawi zonse, kutenga kapu, kutunga madzi, n'kupezeka aima pakati pa nyumba popanda pothira. Anatuluka kuzungulira kuseri. Atatsala pang'ono kufika pa dothi lofiira lija anaima, poti nsungwi ya eni suingoifikira. A Felista anali akusesa pabwalo.

"Amayi a Atikonda," anatero, kapu ili m'manja. "Ndingathirireko nsungwi yanu?"

A Felista anasiya tsache, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndowa yonse ya madzi omwe anatunga dzulo lake. Anaiika pamapazi pa amuna awo.

Amayambanabe mpaka lero, monga mabanja onse. Koma mawu aja oti "ndibwerera kwathu" sanamvekenso pakhomopo.